Wolowa M'malo mwa Marivic

Takisi inamutula pamphambano mdima utagwa kale. Woyendetsa analoza ndi chibwano.

"Karasoy wanu uja ndi ameneyu. Tsikani."

Injini sanazimitse n'komwe. Rafiek Solomons anatsitsa sutikesi yake, imodzi yokha, yothyoka teyala. Galimoto inatembenuka n'kuzimirira m'minda ya thonje. Seveni koloko inali isanakwane, koma m'tauni munali zii ngati mwachitika maliro. November. Mphepo yochokera kumapiri inkalowa m'jekete ngati kwawo. Agalu awiri. Golosale imodzi yoyaka nyali. Fungo la utsi wa mapesi a thonje.

Iye anali mwana wa m'tauni. Anabadwira ku Cape Town, komwe phokoso silitha. Zaka khumi ndi chimodzi anazithera m'mayiko a eni akuphunzitsa Chingerezi. Hanoi, Tbilisi, Izmir, ndi kwina. Palibe komwe anakwanitsa zaka ziwiri. Mapazi ankamuyabwa msanga. Koma konseko kunali mabasi, nyali, anthu m'misewu.

Chaka chino zinamuvuta. Ku Izmir anachokako mochedwa, masukulu atatsegulira kale, malo abwino atatha. Anatumiza makalata makumi anayi. Ambiri ankayankha mwachangu akamva za pasipoti ya ku South Africa. Akaona chithunzi chake, zii. Anatsala malo atatu. Sukulu ya mkaka ku Tashkent, kukaimba nyimbo za abakha ndi ana osatha n'kudzimina komwe. Sukulu ya madzulo ku Almaty, malipiro ochepa, nyumba udzionere wekha. Ndiyeno Karasoy: nyumba yaulere, malipiro onona, ana akuluakulu okonzekera mayeso. Mtsikana wa kukampani yopezera aphunzitsi malo anati ndi pafupi ndi mzinda. Pafupi pakepo anali maola anayi.

Pantchitoyi Rafiek sanali mwana. Ankadziwa lamulo la aphunzitsi oyendayenda: usasaine usanalankhule ndi mnzako amene ali pamalopo. Anapempha nambala. Anam'patsa. Mayi wa ku Philippines, dzina lake Marivic, anacheza naye pavidiyo mphindi makumi awiri, akumwetulira mpaka m'makutu.

"Bwerani, simudzanong'oneza bondo," anatero mayiyo. "Abwana ake ndi munthu. Ine ndatha zaka ziwiri. Ndikungochoka chifukwa cha kumudzi."

Anasaina tsiku lomwelo.

Tsopano, pamphambano paja, galimoto yoyera inaima pambali pake. Munatuluka bambo wamfupi, wa chipewa chaubweya ndi dzino lagolide. Anali a Tolib, eni sukulu. Moni anapereka, dzanja pachifuwa, koma maso ankayenda kuchokera kunsapato mpaka kutsitsi.

"Ndinu a Rafiek?"

"Ndine."

"Pachithunzi paja munali oyererapo."

"Inali nyali."

"Hm." A Tolib anayamwa dzino lawo. "Makolo tiwauza kuti ndinu a ku America. Kumeneko aliko amitundumitundu."

"Ndine wa ku South Africa, achimwene."

"Mpaka lero. Kwerani."

Ankalankhula mosakaniza. Chingerezi cha a Tolib chikatha, Rafiek ankalowetsapo chinenero cha ku Turkey chomwe anatola ku Izmir. Kuno amachimva ndithu, ngati munthu akulankhula ali ndi chimfine.

Kunyumba kwa a Tolib kunali piringupiringu. Pabwalo anali atakhoma tenti. Pakona panali chimphika chachitsulo choti munthu n'kusambiramo. Amuna khumi ndi awiri anazungulira tebulo, aliyense ndi mpeni, akuduladula karoti wachikasu. Mulu unali utafika m'chiuno.

"Mwabwera nthawi yake," anatero a Tolib. "Mwana wanga akukwatira. Mawa mbandakucha kuli mpunga wa ukwati, amuna mazana anayi. Inu mukhala ndi asewere anga, bambo a mkwatibwi. Ndi dokotala wa mano wa mumzinda, amationa ngati alimi. Aone kuti sukulu yanga imaitanitsa aphunzitsi kutsidya kwa nyanja."

Mipeni inaima. Maso onse pa mlendo.

"Tolib," anakuwa wina wa ndevu zoyera, "unaitanitsa mzungu, akutumizira mmwenye?"

"Ndi mzungu ameneyu, wangopserera m'njira," anayankha mnzake.

"Bweza, mwina akadali ndi lisiti!"

Anaseka mpaka kugwira tebulo. Rafiek anamva theka, ndipo theka lakelo linakwanira. Anamwetulira. Kumwetulira kotereku anakuphunzira kale, ku Hanoi.

M'chipinda cha alendo munali makapeti ndi wailesi yakanema yaikulu. A Tolib anathira tiyi. Asanamwe n'komwe anatambasula dzanja.

"Pasipoti."

"Ya chiyani?"

"Kukulembetsani kupolisi. Mlendo aliyense, masiku atatu asanathe. Mukudziwa inu, mwayenda."

Ankadziwa. Zinali zoona. Anachitapo zimenezi m'mayiko atatu, m'mahotela osawerengeka. Anali atatopa, msana ukuwawa, zala zitauma. Anapisa m'thumba n'kupereka. A Tolib anakankha wailesi ija. Kumbuyo kwake kunali sefa yachitsulo yomangidwira m'khoma. Anaitsegula, naponyamo kabuku kobiriwirako. Rafiek anaona kuti munali kale kena, kofiirira. Chitseko chinatsekeka.

"Lolemba," anatero a Tolib. "Tsopano kagoneni. Hafu faifi ndikufunani muli pano, mutavala tayi."

Nyumba yaulere ija inali pamwamba pa sukulu. Masitepe achitsulo, kunja. Rafiek anakoka sutikesi, ikugunda sitepe iliyonse. Anagogoda.

Anatsegula ndi Marivic. Anam'zindikira movutikira. Pavidiyo anali wonenepa masaya. Apa anali mayi wowonda wa zaka makumi anayi ndi zingapo, atavala majuzi awiri ndi chipewa, m'nyumba. Kumbuyo kwa chitseko kunali zikwama ziwiri zomanga kale. Moni sanapereke.

"Mwawapatsa?"

"Chiyani?"

"Pasipoti."

"Eya. Akuti Lolemba…"

Mayiyo anatseka maso. Anachita chizindikiro cha mtanda, n'kukhala pansi pampando.

"Zikomo Ambuye," ananong'ona.

Rafiek anaika sutikesi pansi. M'chipindamo munkazizira kuposa kunja. Pachitofu pankayaka kalawi kakang'ono ka gasi, kosatha kuwiritsa ndi dzira lomwe. Pakhoma panali pepala la ndondomeko ya ntchito. Anayandikira. Bokosi lililonse linali lodzaza, kuyambira eyiti m'mawa mpaka eyiti madzulo. Lamlungu lomwe.

"Ichi n'chiyani?"

"Ntchito yanu."

"Mgwirizano ukuti maola makumi awiri ndi anayi."

"Pasukulu ino. Enawo ndi a m'midzi inayi komwe amakubwereketsani. Ngati thalakitala."

"Yofiirira ili m'sefa muja ndi yanu?"

"Yanga. Yakhalamo zaka ziwiri ndi miyezi itatu."

Rafiek anakhala pabedi. Masipuling'i analira.

"Tandiuzeni bwinobwino, achemwali."

Marivic anafotokoza mosathamanga, ngati akuwerenga mndandanda wa ana m'kalasi. A Tolib sabweza pasipoti mgwirizano ukatha. Amabweza wolowa m'malo akafika, n'kupereka yake. Imodzi ikalowa, ina imatuluka. Akuti aphunzitsi akunja amathawa, ndiye anapeza mankhwala ake. Wolowa m'maloyo umam'kopa wekha. Iye mgwirizano wake unatha chaka chatha. Anacheza pavidiyo ndi anthu asanu ndi awiri. Awiri oyamba anawauza zoona. Sanabwere. Enawo anawanamiza, koma anapeza malo ena. Wachisanu ndi chitatu anali Rafiek.

"Amene anandikopa ine anali mnyamata wa ku Cameroon," anatero. "Nayenso ankamwetulira bwino."

"Osapita kupolisi bwanji?"

"Mkulu wa polisi mwamuona. Wa ndevu zoyera uja, akudula karoti."

"Osangokwera takisi?"

"N'kupita kuti? Sitima sukwera popanda pasipoti. Hotela sakulandira. Parodibuloko yoyamba akutsitsa, n'kuimbira a Tolib kuti katundu wanu tam'peza."

Rafiek anadzuka pabedi.

"Ndinakufunsani. Ndinakuyang'anani m'maso. Ndinati, achemwali, pali chomwe ndiyenera kudziwa? Munati chiyani?"

"Ndinati mubwere ndi juzi."

"Munandigulitsa."

"Ndinakusinthanitsa. Zimasiyana."

"Mfiti iwe."

"Ehe, tukwana. Ine ndinatukwana mwezi wathunthu, makoma awa amadziwa." Marivic anavula chipewa n'kuchiponya patebulo. "Mwana wanga wamkazi akuchira mwezi wamawa kwathu ku Iloilo. Mwana wake woyamba. Pa ukwati wake ndinaonera pafoni, ndili m'kalasi ya kumudzi, mbuzi zikulira pawindo. Uli ndi ana iwe?"

"Ayi."

"Mkazi?"

"Sizikukukhudza."

"Ndinadziwa. Pavidiyo paja unkadzitama. Hanoi, Tbilisi, uku ndi uku, sindikhalitsa malo amodzi. Ndinati uyu palibe amene akumudikira. Chaka chimodzi sichimupha."

"Ndiye unasankha bwino, eti?"

"Unasankha wekha. Anakupatsa malo atatu. Unaona malipiro, maso anatuluka. Ndipo zaka khumi ndi chimodzi pantchito, wapereka pasipoti ngati ukupereka ndudu. Ine unandiona ndikukugwira dzanja?"

Rafiek anatulutsa foni. Analembera a ku Almaty: malo aja alipobe? Yankho linabwera msanga, ngati ankamudikira. Adzaza, yesaninso February. Analembera a ku Tashkent. Uthenga unawerengedwa, osayankhidwa. Anaimbira mtsikana wa kukampani uja. Foni inaitana mpaka kuduka.

Ndiye zinali chonchi. Akakhala, ntchito ilipo, ndi khola lake. Akachoka, miyezi itatu yopanda kalasi, m'nyengo yozizira, m'dziko la eni. Ndipo kuchokako kunali kungolota, pasipoti ili m'khoma.

Marivic anam'ponyera bulangete lonunkha nkhosa.

"Mvera, usandiwonongere zinthu mawa. Andilonjeza Lolemba, akakulembetsa. Ukawakwiyitsa asintha maganizo. Kumpunga kuja kuli malamulo. Mbale imodzi, anthu awiri. Wamkulu akakukankhira nyama, idya. Dzanja lamanja. Osayankhulayankhula. Akapemphera, mukati amina, nyamuka nthawi yomweyo."

"Ngati sindinakhute?"

"Si kokhuta kumeneko. Anthu mazana anayi, mipando zana. Gulu lina limakhala litaima pageti. Mukadzuka, amapukuta, ena amakhala. Palibe amatsalira, ngakhale nkhalamba ya ndodo. Ukachedwa pampando, tauni yonse idzakamba kuti kwa a Tolib zinasokonekera. Wamva?"

"Ndamva," anatero Rafiek.

Anagona ndi nsapato.

Malipenga anam'dzutsa kunja kukadali bii. Malipenga ataliatali amkuwa, olira ngati ng'ombe zikuphedwa. Anavala tayi. Anatenga sutikesi, naitsitsa atainyamula kuti isagunde. Chitseko cha Marivic chinali chotsegula, bedi loyala. Anali atapita kale kukathandiza amayi kutsuka ziwiya.

Sutikesi anaisiya kuseri kwa mtengo wa mabulosi, pafupi ndi geti la a Tolib. Mumsewu munali amuna okhaokha, zipewa, majasi akuda, nthunzi ikutuluka m'kamwa. Pageti panaima mzere wa eni phwando, manja pachifuwa. A Tolib anali kutsogolo, mu suti yatsopano. Anam'gwira pachigongono.

"Mwasunga nthawi. Mukafunsidwa kwanu, Chicago."

Anam'tengera kutebulo loyamba, pansi pa nyali. Pamenepo panali bambo wamtali, wometa bwino, wa magalasi opanda mkombero.

"Asewere, uyu ndi mphunzitsi wathu wa ku America. Aphunzitsi, awa ndi a Mirzohid."

A Mirzohid anadzuka pang'ono, napereka moni wa manja awiri. Kutsidya kwa tebulo kunakhala mkulu wa polisi uja, lero atavala yunifolomu. Anatsinzinira Rafiek diso limodzi.

Tiyi anabwera. Buledi ananyemedwa. Kenako mbale zinayamba kuyenda dzanja ndi dzanja kuchokera kuchimphika chija, zikufuka nthunzi. Imodzi inatera pakati pa Rafiek ndi a Mirzohid. Mpunga wonyezimira mafuta, karoti, mphesa zouma, pamwamba nyama ya nkhosa. M'mimba mwa Rafiek munalira. Chidyereni ndi dzulo masana.

A Mirzohid anaduladula nyama n'kukankhira mbali ya mlendo.

"Tengani, aphunzitsi."

Rafiek anaika manja pamaondo.

"Zikomo, bambo."

"Tengani, tengani."

Sanatenge. A Mirzohid anadya pang'ono, mbali yawo, akuyang'ana m'mbali. A Tolib, amene ankazungulira matebulo, anafika mothamanga.

"A ku America sadya m'mawa, asewere. Amangomwa khofi. Ndi matenda awo."

Patebulo panamveka kuseka. Rafiek anangoyang'ana mbale.

Sizinatenge nthawi. Mbale zinayera. Mkulu wina anayamba pemphero, onse anatambasula manja. Rafiek nayenso anatambasula, monga ankachitira ndi bambo ake kumzikiti ali mwana. Amina. Manja anapukuta nkhope. Mipando zana inakwekwereka nthawi imodzi.

Umodzi wokha sunasunthe.

Amuna anayamba kutuluka. Opukuta matebulo anafika ndi nsanza, naima. A Mirzohid anali atadzuka kale, akumanga batani la jasi. Ataona kuti amene anadya naye mbale imodzi akadali pansi, anazengereza. Kumusiya kunali kupanda ulemu. Anakhalanso. Mkulu wa polisi ataona asewere akhala, nayenso anakhala. Tebulo lonse loyamba linabwerera pansi, anthu akuyang'anana.

Pageti gulu lachiwiri linali litayamba kulowa. Linaima. Akumbuyo ankakankha akutsogolo. Oimba malipenga anasiya, mmodzimmodzi.

A Tolib anawerama pakhutu la Rafiek. Ankamwetulira kuti anthu aone. Mpweya wawo unkanunkha anyezi.

"Nyamukani, aphunzitsi."

"Pasipoti."

"Ndati Lolemba."

"Pano."

"Ukudziwa komwe uli, galu iwe? Ndikuthyola miyendo. Nyamuka."

"Miyendo yake ndi yomweyi. Thyolani anthu akuona."

Zala za a Tolib zinalowa m'phewa lake ngati mbedza. Rafiek anagwira m'mphepete mwa tebulo. Ankadziwa kuti amuna awiri akhoza kumunyamula ndi mpando womwe n'kukamutaya kumsewu. Koma achite zimenezo pamaso pa dokotala wa mano.

"Chavuta n'chiyani, asewere?" anafunsa a Mirzohid. "Mlendo wadwala?"

"Watopa ndi ulendo, sakudziwa mwambo…"

"Mwambo ndikuudziwa, bambo," anatero Rafiek. Anakweza mawu, m'chinenero chake chachimfine chija, pang'onopang'ono kuti aliyense atole. "Sindine wa ku America. Ndine wa ku South Africa. Ndinabwera dzulo. Pasipoti yanga achimwene awa aitsekera m'sefa. Akuti sindidzaionanso mpaka nditawapezera munthu wina. Ndiye sindikudziwa ngati ndili mlendo pano kapena mkaidi. Ndikadziwa, ndidzuka."

Mwina mawu ena anapotoka. Koma pasipoti ndi sefa aliyense anamva. Kunkangomveka chipande chikukanda m'chimphika. Mkulu wa polisi anapeza chinthu chochititsa chidwi m'kapu yake ya tiyi.

"Bodza," anatero a Tolib. "Ndi zolembetsa chabe. Funsani a polisi awa."

A polisi sanadzutse mutu.

A Mirzohid anavula magalasi. Anawapukuta ndi mpango, mosafulumira. Polankhula sanakweze mawu.

"Asewere, mwana wanga akulowa m'nyumba ino madzulo ano. Akubwera ndi mapepala ake a kuyunivesite. Nawonso muli ndi malo ake m'khomamo?"

Nkhope ya a Tolib inasanduka ngati chiwindi. Anayang'ana kugeti, komwe amuna mazana atatu anatambasula makosi. Anatembenuka n'kulowa m'nyumba.

Anatenga nthawi. Wina anathirira Rafiek tiyi, mwina mwachizolowezi chabe. Sanamwe.

A Tolib anabwerera. Kabuku kobiriwira sanakapereke m'manja. Anakaponya patebulo, pambali pa mbale, m'mafuta. Rafiek anakatsegula. Nkhope yake. Anapukuta chikuto pathalauza n'kukalowetsa m'malaya, pakhungu penipeni.

"Zatha, aphunzitsi?" anafunsa a Mirzohid.

Miyendo ya Rafiek inkafuna kudzuka yokha. Anaikaniza.

"Muli inanso, bambo. Yofiirira. Ya mayi wa ku Philippines amene amaphunzitsa pano."

"Uja si mlendo," anatero a Tolib msangamsanga. "Ndi wantchito wanga. Tili ndi pangano lathu. Za akazi sitikamba pampunga."

Rafiek anayang'ana a Mirzohid. Magalasi anali atabwerera pamphuno, ndipo nkhope inali itatsekeka ngati golosale Lamlungu.

"Aphunzitsi, chanu mwalandira. Mpunga wa mwana wanga ukuzizira. Pageti pali nkhalamba zaima pamphepo."

"Koma bambo, mayi uja…"

"Ndati mwalandira."

Mkulu wa polisi anaika kapu pansi. Tsopano ankayang'ana Rafiek, ndipo sankatsinzinanso diso. Kumbuyo kunafika amuna awiri amapewa aakulu, aja onyamula mbale. Rafiek anawerengera. Akanatha kukhalabe. Mphindi imodzi, ziwiri. Kenako pasipoti ikanatuluka m'malaya momwe inalowera, ndipo ulendo uno palibe akanam'funsa ngati wadwala.

Anadzuka.

Tebulo lonse linadzuka naye. Nsanza zinagwira ntchito. Malipenga anayambanso. Podutsa pageti palibe anaika dzanja pachifuwa. Wina analavula pafupi ndi nsapato yake.

Kunja kunali kutayamba kuyera. Anakatenga sutikesi kuseri kwa mtengo. Marivic anali ataima pomwepo. Manja ake anali ofiira ndi madzi ozizira, epuloni itanyowa. Nkhani inali itafika kale kwa amayi otsuka.

"Wandipha," anatero.

"Ndinawauza za yako."

"Ndamva. Mphindi imodzi. Amayi akuti unayesetsa mphindi imodzi yathunthu."

"Akanandilanda yanganso."

"Ndipo ndine ndinakuphunzitsa. Ine chitsiru, ndi pakamwa pangapa." Anaseka kuseka kouma. "Lolemba ndikanakwera sitima. Ukudziwa zimenezo? Matewera ndinagula kale. Ali m'chikwama muja."

"Unandinamiza, Marivic."

"Eya. Ndipo ndikanakunamizanso."

Rafiek anakoka chogwirira cha sutikesi.

"Ndikafika mumzinda ndilemba pagulu la aphunzitsi la pa intaneti. Dzina la sukulu, dzina lake, zonse. Ndiuzanso a kukampani aja. Aliyense adziwe."

Mayiyo anam'gwira mkono wa jekete. Zala zake zinali zozizira ngati chitsulo.

"Usalembe."

"Wati chiyani?"

"Usalembe, ndakupempha. Ukalemba palibe adzabwere. Ndani adzayankhe vidiyo yanga? Ndidzakalambira pamwamba pa sukulu paja."

"Ndiye ndingokhala chete, wina adzagwemo?"

"Eya."

"Munthu ngati ine."

"Wopusa kukuposa. Alipo ambiri, ntchito zavuta chaka chino." Anam'siya mkono. "Wandilanda Lolemba. Usandilandenso February, pomwe aphunzitsi amasakanso malo."

Kuseri kwa mpanda mayi wina anakuwa dzina lake. Ziwiya za gulu loyamba zinali zitafika. Marivic anapukuta manja paepuloni, natembenuka osatsanzika.

Pamphambano panali takisi imodzi, ikudikira anthu anayi. Munali kale awiri, bambo wa thumba la anyezi ndi mayi wogona. Rafiek anakhala kutsogolo, sutikesi pamiyendo. Maso anali pagalasi lam'mbali, kuyang'ana ngati kukubwera galimoto yoyera.

"Tidikire mmodzi," anatero woyendetsa.

"Mpando wakewo ndilipira ine. Tiyeni."

Woyendetsa anam'yang'ana, nayang'ana tayi.

"Mwachokera kumpunga kwa a Tolib? Akuti aitanitsa wophika wa mumzinda. Unali bwanji?"

"Sindinadye."

"Aa! Munthu n'kupita kumpunga osadya? Ndinu a kuti inu?"

"Tiyeni, achimwene."

Galimoto inanyamuka. Minda ya thonje inayamba, mapesi akuda, chisanu chili mbuu pansi. Rafiek anatulutsa foni n'kutsegula gulu la aphunzitsi. Pamwamba penipeni panali wina, mtsikana wa ku Kenya, akufunsa ngati alipo akudziwa malo otseguka mwezi uno, kulikonse, ngakhale kumudzi. Rafiek anayamba kulemba. Pofika pamlatho anali ndi mizere inayi. Chala chinaima pamwamba pa batani. Sanatumize, sanafufutenso. Anaika foni chafufumimba pasutikesi, nauza woyendetsa kuti awonjezere liwiro.